Kolera pa Nyanja Yathu, ndi Mbiri ya Ululu wa pa Cobvala ca Kacirombo

M'caka ca 1891 Azungu anamanga linga m'mbali mwa mtsinje wa Shire, moyang'anana ndi mudzi wa Mfumu Mponda, nalicha Fort Johnston. Ico ndico ciyambi ca boma limene lero tikuti Mangochi. Caka cotsatira, 1892, kutali ku Berlin m'dziko la Germany, dotolo wina dzina lace Richard Pfeiffer anali kuyesa tizirombo ta nthenda ya kolera, ndipo anaona cinthu cimene cinamdabwitsa. Zinthu ziwirizi zioneka ngati zosakhudzana, koma zinadzakomana patapita zaka 130, pamene kolera inagwetsa anthu zikwi zambiri m'midzi ya ku Mangochi, ndipo madotolo ofuna kuizindikira ndi kuitsekereza anatsata njira imene inayamba ndi Pfeiffer uja. Mbiri imeneyi njoyenera kuidziwa ife akumwa madzi a m'nyanja.

Tiyambe ndi kacirombo komwe. Kacirombo ka kolera nkakang'ono kotero kuti tizirombo 500 titandandalika mutu ndi mcira tingakwane milimita imodzi yokha. Nkokhota ngati mbedza, ndipo kali ndi kamcira kamodzi kosambirira. Woyamba kukaona pa galasi lokuza zinthu anali Filippo Pacini wa ku Florence m'caka ca 1854, koma anzace sanasamale mau ace. Patapita zaka 30 Robert Koch anakapezanso ku Calcutta, m'dziko la India, ndipo apo mpamene dziko linabvomera. M'caka comweco ca 1884, Hans Christian Gram wa ku Denmark anapeza njira yonika tizirombo ndi utoto. Tina tigwira utotowo osautayanso, koma tina tiutaya tikangotsukidwa. Totaya utototo tiri ndi cobvala ca kunja cimene tinzace tiribe, ndipo m'gulu limeneli muli kolera, taifodi, kamwazi ndi mliri wa makoswe. Nkhani yathu yonse yagona pa cobvala cimeneci.

Pfeiffer, amene anali wophunzira wa Koch, anatenga tizirombo ta kolera natipha ndi moto, ndipo atatsimikiza kuti tafa tonse anatibaya m'mimba mwa mbira, zonga zimene ena aweta kuno. Mbirazo zinafooka, matupi ao anazizira, ndipo zinafa. Nanga cakufa cipha bwanji? Pa nthawiyo madotolo anali kudziwa kale kuti tizirombo tina, monga ta kafumbata, tilavula ululu tikali ndi moyo, ndiponso kuti ululu wotere utha mphamvu ukauphika. Koma uwu sunathe mphamvu pa moto. Pfeiffer anaganiza kuti ululuwo uli m'thupi mwa kacirombo momwe, ndipo utuluka kakafa ndi kuphwanyika. Anaucha endotoxin, mau a Cigriki otanthauza ululu wa m'kati. Dzinalo likalipobe mpaka lero, ngakhale kuti amene anadza pambuyo pace anapeza kuti ululuwo ukhala kunja, pa cobvala.

Pali cinanso cimene Pfeiffer anaphonya, ndipo ici ncacikulu. Popeza anapeza ululuwo m'tizirombo ta kolera, iye ndi ambiri omtsata anayesa kuti ndiwo ucititsa kutsegula m'mimba koopsa kuja, kumene munthu ataya madzi onga otsukira mpunga kufikira maso alowa m'kati. Kwa zaka zoposa 60 anthu ophunzira anakhala akulondola mapazi a nyama ina. M'caka ca 1959 Mmwenye wina wa ku Calcutta, Sambhu Nath De, anasefa madzi amene munali kukulira tizirombo, nacotsa tizirombo tonse, nathira madzi osefawo m'cigawo ca thumbo la kalulu cimene anacimanga uku ndi uku. Thumbolo linatupa ndi madzi. Potero anaonetsa kuti kolera iri ndi ululu waciwiri, wolavula, ndipo ndiwo utsegula m'mimba. De anamwalira m'caka ca 1985 osalandira mphotho ya Nobel, ndipo ine ndiona kuti dziko linamlakwira munthu ameneyu. Tsono awerengi asunge ici: ululu wotsegula m'mimba ndi wina, ululu wa pa cobvala ndi winanso, ndipo nchito zao nzosiyana.

Kuti adziwe mapangidwe a ululu wa pa cobvala kunawatengera anthu nthawi yaitali. Ca m'ma 1933 André Boivin ndi Lydia Mesrobeanu, pogwira nchito ku Bucharest, anakhoza kuupatula, napeza kuti mbali yace yaikulu ndi shuga ndi mafuta. M'caka ca 1952 Otto Westphal ndi Otto Lüderitz a ku Germany anapeza njira youyengera bwino, imene ikugwirabe nchito lero. Kucokera apo dzina lace lina linakhala lipopolysaccharide, ndiko kuti mafuta olumikizana ndi mashuga ambiri, ndipo polifupikitsa angolemba LPS.

Munthu wa pa nyanja angamve msanga mapangidwe ace akaganiza za bango. Bango liri ndi mizu yozika m'matope, tsinde lalifupi la m'madzi, ndi phesi lalitali logwedezeka pamwamba. LPS ali comweco, ndipo pa kacirombo kamodzi pamera mabango otere oposa miliyoni imodzi, othithikana ngati mpanda.

Muzu wace Westphal ndi Lüderitz anaucha lipid A. Upangidwa ndi timashuga tiwiri togwirana, ndipo kamodzi ndi kamodzi kanyamula kacidutswa ka fosifeti, mcere wofanana ndi umene uli m'feteleza wina. Pansi pa timashugato palendewera micira ya mafuta, imene izika m'cobvala monga mizu m'matope. M'kacirombo ka m'matumbo kochedwa Escherichia coli micirayo iripo 6. Pamwamba pa muzu pali tsinde, ndilo mashuga owerengeka, ngati 10, ndipo tsindeli silisiyana kwambiri pakati pa tizirombo ta pa cibale. Pamwamba peni-peni pali cingwe cacitali ca mashuga obwerezabwereza, conga mkanda umene mkazi atunga, mtundu womwewo kubwera kawiri-kawiri mwa dongosolo lace. Mkanda umenewu madotolo aulemba ndi cilembo O. Cilemboci cinacokera ku mau a Cijeremani amene Edmund Weil ndi Arthur Felix anagwiritsa nchito m'caka ca 1917 ponena za tizirombo tosayanga pa mbale yokulitsira.

Mwa zigawo zitatuzi, ululu uli m'muzu. Anthu anakangana za ici kwa zaka zambiri, pakuti ena anati kapena m'zoyengedwazo munatsalira kanthu kena. Mkangano unatha ca m'ma 1985, pamene Tetsuo Shiba ndi Shoichi Kusumoto a ku Osaka, m'dziko la Japan, anapanga lipid A ndi manja ao popanda kacirombo kali konse, ndipo wopangayo anadwalitsa nyama cimodzimodzi ndi wa cibadwa.

Koma tikati ululu tisaganize za ululu wa mphiri, umene uononga mnofu pa wokha. Lipid A sadya thupi. Cimene acita ndi kudzutsa alonda a m'magazi. M'caka ca 1998 Bruce Beutler wa ku America, pofufuza mbewa za mtundu wina zimene sizinadwale ndi ululuwu, anapeza kuti alonda athu ali ndi kamphako kochedwa TLR4, kamene pamodzi ndi kanzace kamva lipid A akangofika. Pa nchito imeneyi analandira mphotho ya Nobel m'caka ca 2011. Alondawo akamva, aomba mfuu. Thupi litentha, mitsempha itseguka, ndipo ankhondo a m'magazi athamangira pamene pali mdani. Tizirombo tikakhala tocepa, pa cironda cimodzi, mfuu imeneyi ndiyo cipulumutso cathu. Koma tikadzaza m'magazi monse, mfuu imveka pali ponse nthawi imodzi: mitsempha yonse ilekerera, magazi ayenda mofooka, impso zileka nchito, ndipo munthu afa ndi nkhondo ya thupi lace lomwe, monga mudzi umene upsa ndi moto umene eni ace anayatsa popirikitsa linthumbu. Izi zicitika pa taifodi yokula, pa malungo a mai amene wangocira kumene, ndi pa tizirombo ta Salmonella tolowa m'magazi, timene madotolo a pa cipatala ca Queen Elizabeth ku Blantyre akhala akutipeza kawiri-kawiri mwa ana ofooka ndi malungo kapena njala, ndi mwa akulu okhala ndi HIV.

Wina angafunse kuti, ngati ululuwu sutha pa moto, kuwiritsa madzi kupindulanji? Kupindula kwambiri. Kuwiritsa kupha kacirombo, ndipo kakufa sikangaswane kapena kulavula ululu wotsegula m'mimba. LPS womeza pakamwa satibvuta, pakuti m'matumbo mwa munthu ali yense wamoyo muli kale tizirombo tobvala LPS tosawerengeka, ndipo khoma la matumbo litiletsa kulowa. Coopsa ndi LPS wolowa m'mtsempha. Ndico cifukwa cace madzi a diripi, amene apulumutsa wodwala kolera wosatha kumwa, sapangidwa ndi madzi owiritsa wamba. M'caka ca 1923 mai wina wa ku America, Florence Seibert, anaonetsa kuti odwala ena anali kunjenjemera atabayidwa madzi oyera mbee cifukwa ca zotsalira za tizirombo takufa. Poyamba madzi otere anali kuyesedwa pa akalulu. Pambuyo pace Frederik Bang ndi Jack Levin anapeza kuti magazi a nkhanu ina ya m'nyanja ya mcere, yochedwa Limulus, aundana akangokhudzana ndi LPS ngakhale wocepetsetsa. Botolo la diripi lopacikidwa m'hema wa odwala ku Mangochi liyenera kukhala litapambana mayeso a mtundu umenewu lisanacoke kumene linapangidwa.

Tibwere tsopano ku mkanda, pakuti apa mpamene pali kusiyana kwakukulu. Makolo athu anali kuzindikira mlendo poona mphini za pa nkhope yace. Thupi nalonso lizindikira kacirombo poona mkanda wace, ndipo likadwala kamodzi lisunga cikumbukiro, nilipanga zoteteza zimene madotolo azicha antibody, zokwana pa mkanda umenewo wokha monga mpini ukwana pa khasu lace. Tizirombo tasanduliza mikanda yao mwa njira zambiri-mbiri. A banja la Salmonella aposa mitundu 2,500, ndipo powasiyanitsa ayang'ana mkanda ndi mcira. A banja la kolera aposa mitundu 200 ya mikanda. Codabwitsa ncakuti mwa mitundu yonseyo iwiri yokha ndiyo yabweretsa miliri. Woyamba ndi umene Gardner ndi Venkatraman anauika pa nambala yoyamba m'caka ca 1935, ndiwo O1.

Mkanda wa O1 utungidwa ndi shuga wa mtundu umodzi wochedwa perosamine, wobwerezedwa koposa kakhumi. Komabe O1 yemweyo ali pawiri, Ogawa ndi Inaba, maina ocokera ku Japan. Kusiyana kwao nkocepa kotero kuti munthu angaseke: pa shuga wotsiriza wa kunsonga, Ogawa abvala kacipewa ka maatomu 4, imodzi ya kaboni ndi zitatu za haidrojeni, pamene Inaba alibe. Kacipewako kaikidwa ndi mbeu imodzi ya cibadwa yochedwa wbeT, ndipo mbeuyo ikaonongeka Ogawa abala Inaba. M'maiko amene kolera ikhalitsa, madotolo aona mitundu iwiriyi ikusinthana zaka ndi zaka, ndipo ambiri aganiza kuti anthu akazolowera umodzi, winawo upeza mpata.

Cimene kusintha mkanda kungacite cinaoneka poyera m'caka ca 1992 ku Madras ndi ku Bangladesh. Kacirombo ka O1 kanataya mbeu zotungira mkanda wace, nikatola zina kwa mbale wace wa m'madzi, nikaoneka ndi mkanda wacilendo umene anaucha O139. Ululu wotsegula m'mimba unali womwewo. Koma akulu-akulu amene anadwalapo kolera kale, amene matupi ao anayenera kuidziwa, anagwa ngati ana, cifukwa mdani wakale anabwera ndi mphini zatsopano.

Muzu nawo usintha, ngakhale pang'ono. Kacirombo ka mliri wa makoswe, umene unaoneka ku Nsanje m'caka ca 2002, kakakhala m'utitiri kapanga lipid A wa micira 6. Kakalowa m'thupi lofunda la munthu kapanga wa micira 4, amene alonda athu samumva bwino, ndipo kaswana mwakacetecete mfuu isanaombedwe.

Nanga kolera inafika liti kwathu? M'zaka za makolo inakantha ku gombe la kum'mawa, monga ku Kilwa m'caka ca 1859 ndi ku Zanzibar m'1869 ndi 1870, ndipo Kilwa ndiko kunali kuthera maulendo a malonda a Ayao. Koma mabuku a boma awerenga kolera m'Malawi kuyambira caka ca 1973. Imeneyo inali ya mliri waukulu wacisanu ndi ciwiri, umene unayamba pa cisumbu ca Sulawesi ku Indonesia m'1961, nufika mu Africa m'1970. Kacirombo kace ndi O1 wa pfuko lochedwa El Tor, lokhoza kupirira nthawi yaitali m'madzi ndiponso kuyenda mwa anthu osaoneka kudwala. Kucokera apo inabwera kawiri-kawiri ndi mvula. M'dzinja la 1998 ndi 1999 odwala anali ngati 25,000, ndipo m'2001 ndi 2002, caka ca njala, anaposa 33,000, akufa napitirira 900.

Cifukwa cimene nthendayi ikonda nyanja sicibvuta kuciona. Pa nyengo ya usipa madooko monga Msaka, Chembe ndi a ku Makanjira adzaza ndi asodzi, oguza makoka, amai ogula nsomba ndi ana ao, ocokera kutali, ogona m'misasa. Cimbudzi cokumba mumcenga cigwa ndi mvula yoyamba, ndipo pena madzi a pansi ali pafupi kotero kuti dzenje lidzaza lisanathe kukumbidwa. Madzi osamba, ocapira, otsukira nsomba ndi akumwa ndi amodzi omwewo a m'mphepete. Kunena kuti anthu a kunyanja ngauve, monga anena ena a kumtunda, ndi kuweruza kwa munthu amene sanakumbepo dzenje mumcenga. Pa nyanja ya Chilwa mabvuto aposa apa, pakuti asodzi akhala miyezi pa zimbowera, nyumba zoyandama pa madzi. Pamene katemera anafika kwa iwo m'caka ca 2016, ena anapatsidwa botolo laciwiri kuti akamwe okha pa nyanja patapita masabata awiri.

Mliri woposa yonse unayamba m'March 2022 ku Machinga, mphepo ya mkuntho ya Ana itagumula zitsime ndi zimbudzi m'cigawo ca kumwera. Cacilendo cinali cakuti sunaleke m'cirimwe monga mwa masiku onse. Unayenda m'mbali mwa nyanja, ku Nkhata Bay, Nkhotakota ndi Salima, ndipo mvula itayambanso unakula koopsa. Pa 5 December 2022 Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti dziko liri pa ngozi ya zaumoyo. Pofika kuciyambi kwa February 2023 boma la Mangochi linali patsogolo pa maboma onse, odwala ali pafupi 7,000 ndi akufa oposa 100. Pamene mliri unazirala, odwala m'dziko lonse anali ngati 59,000, ndipo akufa anaposa 1,700. Ambiri a iwo akadacira, pakuti kolera iciritsika ndi madzi a shuga ndi mcere, a paketi ya Thanzi, ngati wodwala ayamba kumwa msanga ndi kufika ku cipatala usiku womwewo osadikira kuca.

Madotolo atatenga tizirombo kwa odwala anatisakaniza ndi madontho a antibody pa kagalasi, ndipo tinaundana ndi dontho la O1 ndi la Ogawa. Mayeso a kamphindi amenewa awerenga mkanda uja. Ofufuza ena, powerenga mbeu zonse za cibadwa za kaciromboko, anapeza kuti kanali pa cibale ceni-ceni ndi kamene kanabvuta ku Pakistan m'caka comweco ca 2022. Sikanali kotsalira ka miliri yathu yakale. Kanali kalendo kocokera ku Asia.

Katemera wakumwa amene anagawidwa m'midzi ya kunyanja ndi tizirombo takufa, monga tija Pfeiffer anabaya mbira zace, koma tolowera pakamwa, kumene lipid A sacita coipa. Nchito yace ndi kuonetsa matumbo mkanda wa mdani asanafike. Thupi likauona lipanga ma antibody, ndipo kacirombo kamoyo kakadzabwera iwo amata pa mkanda wace, nikalephera kusambira bwino kukafika pa khoma la matumbo. Ana osakwana zaka 5 satetezeka kwambiri monga akulu, pakuti matupi ao sasunga bwino cikumbukiro ca mashuga otere. Cifukwa cace mwana wotemeredwa afunikabe madzi owiritsa kapena othira klorini. Mwa lamulo munthu amwa kawiri, koma m'October 2022 a bungwe la World Health Organization ndi anzao anaona kuti katemera wacepa pa dziko lonse, nalamula kuti pa miliri anthu azimwa kamodzi. Malawi analandira mabotolo 2.9 miliyoni m'November caka comweco.

Katemera wa nthawi imeneyo anali ndi mikanda itatu, Ogawa, Inaba ndi O139. Koma O139 uja, amene anaopsa dziko lonse m'1992, anazirala ku Asia komweko ndipo sanakhazikike mu Africa. Cotero m'April 2024 bungwe lija linabvomereza katemera watsopano wopangidwa ku South Korea, dzina lace Euvichol-S, amene muli Ogawa ndi Inaba okha, kuti apangidwe msanga ndi woculuka. M'July caka comweco Unduna wa Zaumoyo unalengeza kuti mliri umene unayamba ku Machinga watha.